Nyimbo Imene Gerishon Anatola pa Mtondo

Yunike anamva dzina la mwamuna wake likutuluka m'bokosi asanatule n'komwe dengu la manachesi. Linali tsiku la msika ku Magaleta, m'nyengo yozizira ya chaka cha 1954, ndipo Kalisto, mwini tiyirumu, anali atangobwera ndi galamafoni kuchokera ku Blantyre. Anaikhazika pampando pakhomo, n'kumaipukusa monyada ngati anaipanga yekha. Anthu anasiya malonda awo n'kuunjikana. Inayamba gitala, kenaka ng'oma, kenaka mawu amene Yunike akanawazindikira ngakhale atamudzutsa kutulo. Anali mawu a mchimwene wake Gerishon, woyimba uja anapita ku Halale.

A Zefaniya anathawa njala,
anathawa, amayi, anathawa.
Jessie wanga ndamuika ndekha,
atate ake akudya kwa Apwitikizi.

Nyimboyo inali yokoma, ndipo kukoma kwakeko n'kumene kunamupsetsa mtima Yunike koposa. Inali yothamanga, yoitana chiuno. Anthu ena anayamba kuvina pafumbi pomwepo, mayi wogulitsa mbatatesi akuwawombera m'manja. Kenaka wina anacheuka, n'kugunda mnzake ndi chigongono, ndipo mitu yonse inatembenukira kwa Zefaniya, amene anaima pambali pa Yunike atasenza dengu lachiwiri.

Zefaniya anatula dengu lake pang'onopang'ono, chifukwa zala zake sizinkapindika bwino. Anamvetsera mpaka mbale ya galamafoniyo inatha. Ndiye anati, "A Kalisto, tabwerezani." Kalisto anayang'ana uku ndi uku, koma munthu akapempha mwaulemu ungamukane bwanji? Anapukusanso. Ulendo wachiwiriwu palibe amene anavina. Itatha, Zefaniya anathokoza, n'kuuyamba wa kumudzi, manachesi ake atawasiya pomwepo.

Yunike anamupeza powoloka kamtsinje.

"Amayi a Jessie," anatero Zefaniya osacheuka. Ankamutchulabe choncho, ngakhale Jessie anali atagona kumanda chiyambire njala ija. "Mawu a m'nyimbo ija ndi a alamu anga a Gerishon, kapena ndi anu?"

Bodza linali pafupi, ndipo likanamugwirira ntchito. Koma Yunike anali asanamunamizepo mwamuna ameneyu.

"Ndi anga."

"Chabwino. Itanani ankhoswe anu, inenso ndiitana anga. Pamudzi panu ndinalowa mwaulemu, ndichokanso mwaulemu."

Apa mkwiyo unamugwira Yunike. Amalume ake, amene anamanga ukwatiwo, anali atamwalira, ndipo unkhoswe unagwera mlongo wake yekhayo wamwamuna. Munthu woti adzateteze banja lake anali Gerishon yemweyo, amene analiika pa mbale kuti anthu azilipondaponda ndi mapazi.

Za Gerishon tizinene ife, chifukwa mwini wake akamazinena ankathira nsinjiro mpaka ndiwo osaoneka. Mawu anali nawo, zimenezo palibe angatsutse. Ali mnyamata, akayimba m'tchalitchi, ngakhale a chifuwa ankaiwala kutsokomola. Koma amene anamugawira mawuwo anaiwala kumugawira manyazi.

Anapita ku nkhondo yaikulu ija pamodzi ndi anzake a ku Neno. Anzakewo anabwerako kudziko la Bama ndi zipsera ndi malungo, iye anabwerako ndi banjo. Kumeneko anali m'bandi ya asilikali yosangalatsa anzawo, ndipo anatulukamo atakangana ndi sajeni pa nkhani ya woyenera kuima kutsogolo. Banjoyo inali ya bandi, koma inapezeka m'chikwama chake.

Atafika kumudzi anagwirizana ndi Laimoni, kalipentala wa ku Ligowe, wodziwa kukunga chikopa cha mbuzi ndi mawaya a mabuleki a njinga n'kutulutsamo nyimbo. Anadzitcha Mabingu a Ligowe, ndipo kuyambira ku Ligowe mpaka ku Midzemba panalibe ukwati umene unkatha popanda iwo. Zinayenda bwino mpaka tsiku limene Gerishon anafuna kuti bandiyo izitchedwa dzina lake, poti akuti anthu amabwera kudzamva iye, osati chikopa cha mbuzi. Laimoni atakana, Gerishon ananyamuka ulendo wa ku Limbe, atatenga woyimba ng'oma wa Laimoni ndi nyimbo zonse zimene Laimoniyo anapeka.

Ku Limbe analowa Nyenyezi za Limbe, bandi ya majekete oyera imene inkavinitsa makalaliki ndi anthu a ku njanji. Kumeneko anasiya banjo n'kuphunzira gitala, anaphunziranso kupesa tsitsi mogawa pakati ndi kuyimba atatsinzina. Akamufunsa chifukwa chosakhazikika, yankho linali lokonzeratu: mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Chimene sankanena n'chakuti iye sankachoka pamalo chimanjamanja.

Ndiye kunadza njala ya 1949. Mvula inadula chimanga chili m'mawondo, dzuwa n'kumaliza zotsalazo. Munthu wanjala savina, motero Nyenyezi zinazima, Gerishon n'kutulukira kwa mlongo wake ndi jekete loyera ndi gitala ya eni ake, kudzadya pakhomo pamene panalibe chodya.

Pakhomopo Zefaniya panalibe. Anali atawoloka malire kupita kwa Apwitikizi kukasuma, atalonjeza kuti abwera mwezi usanathe. Mweziwo unatha, unathanso wina. Amuna ambiri chaka chimenecho anapita ulendo womwewo osabweranso, ndipo ena anakakwatira kumene kunali nkhokwe. Yunike ankakumba zitsa za nthochi ndi mizu ya kutchire, n'kumasinja kuti apeze choika m'kamwa mwa Jessie. Mwanayo anatupa miyendo, tsitsi linafiira, ndipo tsiku lina masana anatsirizika ali pamiyendo pa mayi wake.

Maliro atatha, Yunike anabwerera pamtondo, poti wamoyo amafunabe kudya. Pamenepo ndi pamene nyimbo ija inatuluka. Sinali yothamanga ayi. Inkayenda ndi munsi, molemera, ndipo amayi anzake ankaivomera akulira. Ku Magaleta mtondo ndi malo amene mkazi amatula zimene sanganene pamaso pa munthu. Amatchula maina, amanyoza apongozi, amadzudzula mwamuna wake, ndipo wamwamuna wodutsa amadziyesa gonthi. Za pamtondo sizipita kubwalo, sizifunsidwa kunyumba. Amayi amati zimauluka ndi gaga popeta. Aliyense wobadwira kuno amadziwa zimenezi, ndipo Gerishon anabadwira kuno. Anali chigonere pakhonde, chipewa chili kumaso, makutu ali tcheru. Patangopita masiku pang'ono ananyamuka ulendo wa ku Halale, Yunike n'kumathokoza kuti ulendo uno sanatenge kanthu.

Zefaniya anafika mvula itayamba, atasenza thumba la mapira, atawonda ngati munsi, manja atatupa. Anangoti, "Anandigwira." Atamuonetsa manda a Jessie anakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka. Yunike ataona manja aja anachita manyazi ndi nyimbo yake, ndipo amayi onse amene anaivomera anaimeza. Iye sanafunse zambiri, mwamunayo sananene zambiri. Analima, anakolola, kunabadwa mwana wina wamkazi, Enelesi. Yunike ankayesa kuti nyimbo inauluka ndi gaga monga mwa mwambo.

Koma inali ili ku Halale, ikumutsegulira Gerishon zitseko. Ndi nyimbo imeneyi analowera m'bandi ya Akambuku, ya amuna a ku Nyasalande ogwira ntchito m'makhitchini a azungu. Iwo ndi amene anaithamangitsa kuti ivinike. Atakangana nawo, anapita nayo ku bandi yaikulu ya malipenga yotchedwa Ana a Kwathu, ndipo kumeneko mzungu wina wa makina anaijambula pa mbale. Machona akaimva ankakumbuka akazi amene anawasiya kwawo, ankagwetsa misozi, kenaka n'kudzuka kuvina. Gerishon sanasinthemo ngakhale dzina limodzi. Akanatha kuikapo dzina lina lililonse, koma anati la Zefaniya limagwa bwino pa gitala.

Miyezi yotsatira msika uja inali yowawa. Zefaniya anasamukira kumsasa wa kudimba, akudikira ankhoswe. Uthenga unapita ku Halale ndi munthu wobwerera ku ntchito, koma yankho silinabwere. Nyimbo yokha ndiyo inkafika paliponse. Laimoni, amene anali atadzutsanso Mabingu ake, anakana kuiyimba, koma mabandi ena ankaiyimba m'maukwati. A pamowa akamuona Zefaniya akudutsa ankayamba likhweru. Kutchalitchi, kumene ankatsogolera pemphero, akulu a mpingo anamupempha kuti ayambe wapuma kaye mpaka nkhaniyo izizire. Anthu omwewo amene anamuona akufika ndi thumba la mapira tsopano ankati, "Komatu anachedwadi." Bokosi likanena, anthu amakhulupirira bokosi kuposa maso awo.

Yunike anapita kwa Kalisto kukamupempha kuti aleke kuliza mbaleyo. Kalisto sanali munthu woipa, anali wamalonda chabe.

"Mayi, ndikhoza kuiswa pompano inu mukuona," anatero. "Koma ina ili ku Mwanza, ndipo ku Blantyre ziliko mulu. Madzi akatayika saoleka."

Anaibisa ndithu kwa kanthawi, koma anthu atayamba kukamwera tiyi kwina, mbale inatulukanso.

Mitondo ya m'mudzimo inayamba kulira yokha, popanda mawu. Amayi ankasinja atatseka pakamwa, aliyense akuyang'ana m'makonde ngati mwagona munthu. Mailesi, mnzake wa Yunike, amene mwamuna wake Jimu anapita kukasuma chaka chomwecho osabweranso, sanamubisire.

"Mlongo wako watilanda pakamwa tonse," anatero Mailesi akupeta. "Ine ndikafuna kuwatukwana a Jimu ndizikawatukwanira kuti tsopano? Ndiyimbe lero, mawa ndidzimve kwa Kalisto?"

Yunike ankamutengera Zefaniya chakudya kudimba tsiku ndi tsiku, ndipo iye ankalandira ndi manja awiri, n'kuthokoza ngati mlendo. Ulemu umenewo unkamupweteka kuposa mbama.

"Abambo a Jessie, bwererani kunyumba," anatero tsiku lina. "Kuno kukuzizira."

"Ndili bwino, zikomo kwambiri."

"Ndiye ndikalipireni. Nenani chilichonse, koma musandithokoze ngati ndine mkazi wa eni."

"Ndidzalankhula ankhoswe akadzabwera."

Yunike anabwerera atakwiyira onse awiri, wakuba uja ndi waulemu uyu. Atafika anapeza Enelesi akusewera ndi zitsononkho pabwalo, akuyimba ndi kamawu kake kuti anathawa, amayi, anathawa. Anamumenya mwanayo, chinthu chimene anali asanachitepo, kenaka anakhala pansi n'kumukumbatira, akumutukwana Gerishon mumtima ndi mawu amene mayi wa mpingo sayenera kuwadziwa.

Gerishon anafika mu Okutobala, osati chifukwa cha uthenga uja. Anali atakangananso ndi Ana a Kwathu, ndipo tsopano anali ndi bandi yakeyake, imene pomaliza inatchedwa dzina lake: Gerishon ndi Atambala Ake. Anamangitsa mpanda wa udzu ku Magaleta kuti ayimbe masana a tsiku la msika. Yunike analowa mumpandamo osapempha aliyense, ndipo wapakhomo atamuona nkhope anangomupatukira. Anapeza mchimwene wake akukunga mawaya a gitala, atavala nsapato zamitundu iwiri, khosi litanenepa.

"Yunike, chemwali wanga," anatero Gerishon akutambasula manja. "Wamva mmene watchukira? Ku Halale konse akukudziwa."

"Achimwene, mwandiphera banja."

"Banja lake liti? Ndamva kuti mlamu anabwera. Ndiye vuto n'chiyani? Nyimbo ndi nyimbo basi."

"Munaitola pamtondo. Kodi inu simudziwa kuti za pamtondo sizitoledwa?"

"Zimenezo n'zakale, iwe. Nyimbo yabwino ngati ija ingafere m'gaga? Ine ndinaipulumutsa. Ukuyesa ku Halale n'kophweka eti? Ndinafika ndilibe pogona, oyimba ali mbwee, aliyense ndi gitala yake. Nditangoiyimba ijayi, anthu anasiya kumwa n'kutembenuka. Inandidyetsa nyimbo ija. Taona, nawenso ndakukumbukira."

Anatulutsa nsalu yamaluwa m'sutikesi. Yunike anailandira, anaiyang'ana, n'kuiponya pafumbi pakati pa awiriwo. Oyimba anzake a Gerishon anapeza zochita kumbali.

"Mwana wanga anafa ndi njala inu muli chigonere pakhonde langa, mukudya zimene ndimakumba. Simunandiperekezepo n'komwe kutchire, munati manja anu ndi a gitala. Lero mukuvinitsa anthu pa mtembo wake, mwavalira nsapato. Mawa m'mawa mubwere kunyumba. Ndinu nkhoswe, ndipo a Zefaniya akufuna kutsanzika. Mudzakonze zimene mwawononga."

Gerishon anaseka, koma kunali kuseka kwa pamano chabe. Analonjeza kubwera. Yunike asanafike n'komwe pamsewu anamva gitala ikuyamba kumbuyo kwake, ndipo nyimbo yoyamba inali yomweyo, chifukwa ndi imene anthu anaitanitsa.

M'mawa mwake anakhala pansi pa mtengo wa manachesi kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mtondo. Kuchimuna kunabwera Ezekiele, mkulu wake wa Zefaniya, amene anayenda wapansi kuchokera ku Midzemba. Gerishon anafika mochedwa, gitala ili kumsana, poti akuti akaisiya anyamata ake aiba. Wakuba amadziwa kusamala katundu.

Ezekiele anatsegula nkhani, n'kupempha mng'ono wake kuti anene chimene chamuchotsa m'nyumba. Zefaniya anatambasula manja ake pamawondo, zikhatho zili m'mwamba. Zala zinali zokhota, zikhathozo zili zipsera zokhazokha.

"Izi sindinazinenepo, ndimati zikhale zanga," anatero. "Mapira ndinawapeza msanga. Ndikubwerera, asilikali a Apwitikizi anandigwira pamodzi ndi ena, kutitengera kokumba msewu. Ndinathawa, chifukwa ndimadziwa kuti kunyumba kuli mwana. Anandigwira, n'kundimenya m'manja ndi mbalamatodya, thabwa lija lobowolabowola. Manja atangophwa ndinathawanso, anandimenyanso. Potsiriza ndinadzera m'phiri, ndinagwira ganyu ndi manja omwewa kuti ndipezenso mapira, poti oyamba aja analanda. Kuthawa ndinathawadi, alamu. Koma ndimathawira kuno."

Kenaka anatembenukira kwa Yunike.

"Anthu aseke, sindisamala. Chimene chandichotsa m'nyumba n'chakuti inu, amayi a Jessie, munakhulupirira kuti ndikudya kwinakwake mwana akufa. Pamene amandimenya, ine ndimalimba mtima kuti mkazi wanga akudziwa kuti ndikubwera."

Yunike anali atakonza mawu opepesa, ndipo anawabwereza mumtima miyezi yonseyi. Koma atatsegula pakamwa panatuluka mkwiyo.

"Ndinakhulupirira, inde. Mumafuna ndikhulupirire chiyani? A Jimu anapita osabwera. Amuna a anzanga anapita osabwera. Jessie anafera pamiyendo panga apa akufunsa kuti ababa abwera liti ndi phala, ine n'kumamunamiza kuti mawa. Zimenezo inunso sindinakuuzeni, ndimati zikhale zanga. Ndikanapanda kuyimba ndikanadzimangirira. Ndinayimba pamtondo, pamalo pake, ndipo nditaona manja anuwo nyimboyo ndinaimeza. Mundiweruze pa zimene ndachita chifikire chanu, osati pa zimene anatola wakuba uyu."

Zefaniya anaweramitsa mutu. Ezekiele anapukuta m'maso ndi chipewa. Apa ndi pamene nkhoswe wa kuchikazi amayenera kulankhula, kupepesa, kuziziritsa mitima, n'kumubweza mkamwini m'nyumba. Mawu ochepa chabe akanakwanira. Onse anayang'ana kwa Gerishon.

Maso a Gerishon anali akuwala, ndipo poyamba Yunike anayesa ndi misozi. Kenaka anaona zala zake zikugunda pabondo pang'onopang'ono, milomo ikuyenda.

"Mlamu," anatero Gerishon, "tabwerezani paja mwati mumathawira kuno. Nanga thabwa limenelo limalira bwanji likagwera m'manja? Imeneyitu ndi nyimbo yoposa yoyamba ija. Ndikaijambulitsa pa mbale yatsopano, dzina lanu liyera dziko lonse. Ndipo za Jessie ndi phalazo, Yunike, zilowa pakati."

"Manja anga savinidwa, alamu," anatero Zefaniya motsitsa.

Yunike anadzuka, ananyamula gitala imene inatsamira mtengo, n'kuigoneka pakamwa pa mtondo. Munsi woyamba unaiboola pamimba, mawaya n'kulira kamodzi. Gerishon anadumpha akukuwa, koma Ezekiele, munthu wa mpingo wosakonda ndewu, anapezeka ataima panjira yake, akuyang'ana kumwamba ngati akufufuza mvula. Yunike anasinja monga ankasinjira zitsa za nthochi zija, mpaka zidutswa zonse zinalowa mumtondo. Sanayimbe.

"Wapenga iwe," anatero Gerishon. "Ukudziwa kumene yachokera gitala imeneyi?"

"Ndikudziwa kuti mwini wake ali kwinakwake akuilira. Tamvera, Gerishon." Aka kanali koyamba kumutchula dzina lokhalokha chikulire chake. "Kuyambira lero ndilibe mlongo. Si iwe nkhoswe wanga, si iwe malume a Enelesi. Ndikafa usadzabwere, ungadzatole nyimbo ya maliro. Choka pakhomo panga."

Gerishon anayang'ana kwa amuna anzake kuti amuthandize, koma palibe amene anamuyang'ana. Anatola chipewa chake, anachikung'untha fumbi, n'kutsika njira ya ku Magaleta. Yunike anamuyang'ana akupita. Pansi pa mkwiyo wonsewo panali chisoni, poti anali mwana wa mayi ake, yemwe ankamutolera masuku ali ana, ndipo wina analibe. Komabe anadzitonthoza kuti kamodzi kokha pamoyo wake munthu uja wachoka pamalo chimanjamanja.

Ezekiele anatsokomola, n'kukhalanso pansi.

"Apa pavuta," anatero. "Ukwati sutha popanda nkhoswe wa kuchikazi. Ine ndekha sindingamasule chimene anamanga awiri. Zefaniya, ukuti bwanji?"

Onse atatu ankadziwa kuti mwamuna wofunadi kuchoka sadikira mwambo, amangopinda mphasa yake n'kumapita.

"Ndidikira mpaka apeze nkhoswe wina," anatero Zefaniya.

"Mudikira mpaka imvi," anayankha Yunike, mawu akadali aukali.

Zefaniya anadzuka n'kupita pamtondo. Anausema yekha chaka chimene anakwatira, manja akadali abwino. Anayamba kutolamo zidutswa za thabwa, koma mawaya anali atakulungana pansi, ndipo zala zake zinkalephera kuwagwira. Yunike anagwada mbali inayo kuti amuthandize.

Ali chigwadire choncho, kumunsi kwa njira kunamveka likhweru. Linali la Gerishon, poti ku Neno konse kunalibe wina wa likhweru loyera choncho. Sinali nyimbo ya pa mbale ija. Inali yatsopano, yoyenda pang'onopang'ono, yodukiza malo amodzimodzi ngati pamene thabwa likugwera m'chikhatho. Ndipo inali yokoma.

Zefaniya anaima, waya ali pakati pa zala, ndipo Yunike anaona kuti nayenso wamva. Yunike anagwira munsi n'kudzuka. Koma Gerishon anali atafika kale kutali, ndipo chimene ananyamula ulendo uno sichikanalowa mumtondo.